A Ngozo akana kukhala "Kholo Nambala 7"

Msuweni wanga Elube akhoza kutaya chaka chonse cha maphunziro chifukwa munthu mmodzi wakana kuti dzina lake libisidwe.

Elube ndi mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Nsipe. Akuchita digiri yachiwiri pa intaneti ndi yunivesite ina ya kunja, ndipo akuphunzira za mmene ana a zikhalidwe, zipembedzo ndi maiko osiyanasiyana angaphunzirire limodzi. Chamutsalira ndi kupereka buku la kafukufuku wake Lachisanu la sabata yamawa.

Kafukufukuyo ndi wa pasukulu yake yomwe. Zaka zapitazo panabuka mkangano: atsikana achisilamu, ana a ochita malonda pamsewu, ankabwezedwa akabwera atafunda mpango kumutu. Makolo ambiri achikhristu ankati yunifomu ndi yunifomu. Amene anathetsa nkhaniyo ndi a Ngozo, mlimi, mkulu wa mpingo, amene panthawiyo anali wapampando wa komiti ya sukulu. Anaimirira pamsonkhano wa makolo nanena kuti mpango suletsa mutu kulowa masamu. Atsikana anabwerera m'kalasi. A Ngozo anakhala miyezi ingapo anzawo ena akutchalitchi osawapatsa moni.

Mutu wonse wachinayi wa buku la Elube waima pa mawu a bambo amenewa.

Lolemba ndinamuperekeza kwawo kwa a Ngozo. Yunivesite imafuna kuti wofunsidwa amve zimene zalembedwa za iye, asayinenso fomu yovomereza. Tinawapeza pakhonde akusankha kachewere wa mbewu. Elube anawawerengera masamba atatu akumasulira m'Chichewa, iwo akugwedeza mutu. Kenaka anaimika dzanja.

"Aphunzitsi, mawuwo ndi anga. Koma uyu mukuti Kholo Nambala 7 ndi ndani?"

"Ndinu, bambo. Lamulo la kuyunivesite kwathu limati tisalembe maina a anthu. N'lokutetezani."

"Kunditeteza kwa yani? Tsiku lija ndinayankhula nditavala thumba kumutu?"

Ine ndinaseka. Ndinaseka ndekha.

"Anthu ananditukwana potchula dzina langa," anapitiriza motero. "Lero mukufuna kundiyamika potchula nambala? Mawu opanda mwini ndi miseche, aphunzitsi. Ngati dzina langa likulemera, tulani ndi mawu omwe."

Fomu ija anaibweza ndi manja awiri, mwaulemu, yosasayina.

Tisafulumire kunyoza lamulolo. Lili ndi ntchito. M'buku lomwelo muli mayi wina wogulitsa pagolosale amene anadzudzula ahedi a nthawiyo mosapsatira. Ana ake akadali pasukulupo. Iyeyo anafunsa kawiri ngati dzina lake silidzaoneka, ndipo popanda lonjezo limenelo sakanatsegula pakamwa. Ife atolankhani timadziwa: pali nkhani zoona zimene zimatuluka pokhapokha mwini wake akabisika.

Koma kubisa munthu amene wapempha kubisidwa ndi chinthu china. Kubisa amene akukana ndi chinanso.

Kuno kwathu munthu akapereka mfundo yabwino pabwalo, timamuthokoza pomutchula mfunda wake. Sitithokoza mphepo. Mawu amalemera malinga ndi amene wawanena, ndiponso zimene anataya powanena. Mlimi wachikhristu kuimira ana achisilamu pamaso pa akumpingo kwake, ndiye nkhani. Mukachotsapo munthuyo, chotsala n'chiyani? Chiganizo chokoma chimene aliyense akanatha kupeka ali mu ofesi.

Tsono taonani chodabwitsa. M'buku la Elube muli maina oposa a anthu a pamaliro. Aliyense wolemba mabuku kunja amene Elube wabwereka ganizo lake, ngakhale mzere umodzi, watchulidwa dzina, ndipo kumapeto kuli mndandanda wawo. Kusiya mmodzi ndi mlandu. Amati waba nzeru. Koma munthu amene anachita zimene akatswiriwo amangolemba, iyeyo ndi nambala.

Nzeru ya ndani imene imayenera dzina?

Funsoli ndikulipereka kwa inu nonse amene mukupita kukaphunzira za zikhalidwe za anthu, kaya kunja, kaya konkuno. Amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo n'zoona, maphunziro awa amuthandiza Elube. Wasintha kaphunzitsidwe kake, wasiya kuseka mwana woyankhula Chiyao m'kalasi, amafunsa makolo asanagamule. Koma kalumo kakuthwa kamathanso kumeta pamene mwini mutu sanaloze. Maphunziro ophunzitsa kulemekeza chikhalidwe cha mnzako afika pakhomo la a Ngozo ndi fomu imene sinaganizepo zoti kwinakwake kubisa dzina n'chipongwe.

Ndipo si a Ngozo okha. Midzi yathu yafunsidwa mafunso kwa zaka zambiri. Amabwera ndi zikwama, amajambula mawu, amapita. Ndi angati a ife amene tinaonapo buku lotuluka m'mafunso amenewo? Elube, poti ndi wakonkuno, anabwerera kukawerenga zimene analemba. Kubwererako ndi kumene kwamugwetsa m'vuto. Akanangopita osatembenuka, palibe akanadziwa.

Pobwerera ndinamuuza maganizo aulesi.

"Iwe, msuweni, azungu akowo adzafika ku Nsipe? Tangopereka bukulo. A Ngozo sawerenga Chingelezi."

Anandiyang'ana ngati ndine mwana wa Sitandade 2 amene wakopera mayeso.

"Mdzukulu wawo ali m'kalasi mwanga," anatero. "Adzawerenga ndi iyeyo."



Lachiwiri Elube analembera komiti ya yunivesite yoona kuti kafukufuku asapweteke anthu. Wapempha chinthu chimodzi: fomu ikhale ndi malo awiri, ena a wofuna kubisika, ena a wofuna kutchulidwa, munthu asankhe yekha atauzidwa zotsatira zake. Mphunzitsi womuyang'anira wayankha kuti pempho lotere limatha kumveka, koma sangalonjeze kanthu.

Komitiyo ikumana Lachinayi. Ikavomera, Elube adzakwera njinga madzulo omwewo kukasayinitsa fomu yatsopano. Ikakana, wanena kale kuti mutu wachinayi auchotsa, buku silikwanira, ndipo adikira chaka chamawa.