Sipuling'i ya Anthu Awiri

Lorne Havlik ankagwetsa mitengo m'nkhalango za ku Kootenay mpaka tsiku lomwe chipika chinamuphwanya bondo. Kuyambira apo anakhala munthu wa m'galaja. Chipale chofewa chikayamba kuyeretsa nsonga za mapiri, tonse tinkamukankhira njinga zathu zamoto. Ankachotsa matayala, kutsogolo n'kuikako thabwa loterera, kumbuyo lamba wamano, kuti njinga iziyenda pa chipalecho. Asanagwire sipanala ankayamba wakukweza pa sikelo utavala zonse, poti masipuling'i onyamula njinga amamangidwa molingana ndi kulemera kwa mwini njinga.

Masana ena mu Febuluwale ndinali kwa iye tikumwa khofi, pamene mwana wake wamkazi Tamsin analowa ali wefuwefu. Mwamuna wake Cormac anali atamuitana pa wailesi: wagwera m'chigwembe pakati pa mitengo, mwendo wathyoka, njinga yafa. Nkhungu inali itatseka phiri lonse moti ndege ya opulumutsa sikanatha kuuluka, ndipo opulumutsa oyenda pansi anali kutali.

Tamsin anadumphira panjinga yake. Lorne anatsimphina n'kugwira chiwongolero.

"Tsika."

"Bambo, chokani! Munthu akuuma ndi chisanu uko!"

"Njingayi ndinamangira iwe wekha, kamunthu kopepuka ngati mphaka. Ukakweza chimphona chako chija, kumbuyo kukhala pansi, lamba akumba dzenje, mufera konko nonse."

"Ndiye ndidikire afe?"

"Gwira apa, leka kulongolola."

Anagwada ndi bondo loipa lomwelo. Mphete yomangira sipuling'i inali itauma ndi madzi oundana. Sipanala inapulumuka n'kumusupula zala, koma magaziwo sanawayang'ane n'komwe. Anaigogoda ndi nyundo mpaka inayamba kuzungulira. Kenako anapopera mpweya m'mafoloko, mapaipi awiri ogwira thabwa lakutsogolo, n'kundiuza kuti ndikwere kumbuyo kwa Tamsin, poti ine ndi Cormac timalemera mofanana. Njinga inatitimira kwambiri. Anamanganso mphete ija. Tamsin misozi inali chuchuchu, atangoluma mano.

"Pita," anatero Lorne. "Pokwera phiri uli wekha ikhala yolimba ngati mwala, izikunjanjitsa. Uimirire, usakhale."

Tinatsala awiri. Wailesi inkangosokosera popanda mawu. Lorne anakana mpando, anangoima pakhomo maso ali kuphiri losaonekalo. Kamodzi kokha anati, "Kutsogolo kuja ndalimbitsa mopyola."

Kutayamba kuda tinamva injini. Anatulukira m'mitengo pang'onopang'ono, Cormac atamangidwa ndi chingwe kumsana kwa mkazi wake, nkhope ili mbuu. Tamsin mlomo unali utang'ambika. Njinga inali itamugwetsa pokwera phiri.

Mwendo unapola, koma chisanu chinamudula Cormac zala ziwiri zakuphazi. Tamsin anakhala nthawi ndithu osalankhula ndi bambo ake, ankati nthawi yomwe inathera m'galaja ndiyo inadya zalazo. Cormac ankati ayi, pakanapanda madalawo bwenzi atagona kuphiri onse awiri. Koma Lorne, mpaka lero nkhaniyi ikabuka pagulu amangonyamuka n'kutuluka panja.