Kamluzu ka a Zgambo

Mumsika wa pa boma la Mzimba, kuseri kwa ogulitsa matayala a njinga, muli kachipinda ka malata komwe amakonzeramo mafoni ndi mawailesi. Mwini wake ndi a Wilkins Zgambo, bambo wamtali, woonda, wosakonda zolankhulalankhula. Powapatsa moni muziima kudzanja lawo lamanja, chifukwa khutu lakumanzere linafa kale, ndipo lotsalalo likutsatira pang'onopang'ono. Mkazi wawo, Sellah, amakazinga mandasi pakhonde la kachipindako, mwana wake Nelia ali kumsana.

A Wilkins anabadwira kufupi ndi Embangweni. Sukulu anaisiyira Fomu 2, nkulowera ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a kuno. Kumeneko anatha zaka khumi ndi chimodzi akuika mawailesi olankhulirana m'magalimoto a alonda, ndipo mnzawo wina wa pantchito anawaphunzitsa kulemba mapulogalamu a pa kompyuta. Anzawo pobwerera amabwera ndi magalimoto. Iwo anabwera ndi malaputopu awiri akale ndi sutikesi yodzaza mawaya.

Kwawo kwa Sellah ndi kuseri kwa Manyamula, tsidya lina la mtsinje wopanda mlatho. Foni kumeneko imagwira pachulu chimodzi chokha, ndipo mvula ikagwa ngakhale pachulupo pamakhala zii. Kuli kachipatala kakang'ono kokhala ndi wailesi yakale ya sola yoitanira ambulansi, koma mawu a munthu ankafika pa boma ali phokoso lokhalokha, moti anthu anaisiya, nkuiphimba ndi nsalu.

A Wilkins ankati pamene mawu a munthu akanika, mluzu umadutsa. Ndiye analemba pulogalamu yosandutsa zilembo kukhala kamluzu. Munthu amalemba uthenga pa laputopu, laputopu imaimba kamluzuko m'wailesi, ndipo laputopu ina kutali imakamva nkukabwezanso kukhala zilembo. Analimbana nayo zaka ziwiri, mafoni a makasitomala akudikira pa shelefu.

Tsiku lina Sellah anafunsa chimene chinkawachedwetsa.

“Amake Nelia, mukaponya mandasi mothithikana m'mafuta, amatani?”

“Amamatirirana.”

“Mbwenu ndi zomwezo. Chilembo chilichonse ndi tizidutswa ta kulira. Kachidutswa kakayamba mwadzidzidzi nkuleka mwadzidzidzi, kamathovukira pa kanzake. Ndiye ndikuumba sefa m'kompyutamu, yoti kalikonse kazikwera pang'onopang'ono nkutsika pang'onopang'ono. Kamodzi kakafika pamwamba penipeni, anzake onse akhale chete.”

Sellah sanamve zonse, koma makutu anali nawo, ndiye anakhala makutu a mwamuna wake. Iwo akasintha manambala ankafunsa kuti kakulira bwanji tsopano, iye nkuyankha ali pa mbaula kuti kakukanda, kapena kuti kasalala. Masiku ambiri zimene ankanena zinkagwirizana ndi mizere yokwera ndi kutsika imene inkaoneka pa laputopu.

A Muhsin, ogulitsa matayala pafupi pomwepo, sankatopa kuwaseka. “A Zgambo, mbalame zanu zija zadzuka? Zikaikira mazira mundisungireko awiri.”

“Mudzabwera nokha kudzapempha kuti zikuimbireni,” ankatero a Wilkins osadzutsa mutu.

Akuluakulu a zaumoyo amene anaonetsedwa chinthuchi anati nchabwino, adzachikambirana pa msonkhano. Podikira msonkhanowo, wailesi yolandirira uthenga inakhala m'kachipinda ka mumsika, eriyo yake atamangirira ku nsungwi. Mu Okutobala a Wilkins anapita ndi laputopu inayo kukachipatala kaja, nakaphunzitsa a Mateyu, mlangizi wa zaumoyo wa kumeneko. Anawauza kawiri kuti kokwezera voliyumu kazikhala pakati, asakagwire.

“Yewo, ndamva chomene,” anatero a Mateyu.

Anatumiza mauthenga asanu oyesera ndipo onse anafika athunthu. Sellah anaawerenga yekha pa boma, chala chili pa galasi. Wachisanu unali wochokera kwa mng'ono wake Towera, wakuti amutumizire sopo ndi chitenje.

Towera anali ndi pakati poyamba, mwamuna wake ali ku Joni. Masiku ake anali a mu Febuluwale. Anagwirizana kuti adzabwera kudzadikirira kwa Sellah chaka chikangoyamba, koma munda unali wosapalira ndipo apongozi ake anali odwala miyendo. Sabata iliyonse uthenga unkabwera wakuti abwera sabata ya mawa. Sellah ankadzitonthoza kuti kamluzu kalipo.

Pakati pa Januwale mvula inagwa masiku atatu osakata. Tsiku lachinayi, cha m'ma 9 koloko m'mawa, wailesi inalira. Sellah anaimva a Wilkins asanaimve, ndipo anasiya chipande m'mafuta.

“Bambo a Nelia, kasasa mawu.”

Pa laputopu panatuluka zilembo zosokonekera, manambala ndi timizere topanda tanthauzo. A Wilkins anayang'ana mizere ya kulira kuja. M'malo mokwera ndi kutsika bwinobwino, nsonga zake zonse zinali zodulidwa, zafulati ngati mizere ya m'munda imene ng'ombe zapondaponda.

“A Mateyu akweza voliyumu mpaka kumapeto,” anatero motsitsa mawu.

“Chifukwa chiyani? Simunawauze?”

“Ndinawauza. Akufuna timve msanga.”

Sellah anazimvetsa zimenezo kuposa za sefa zija. Tonse kuno munthu akakhala kutali timakuwa, ngakhale pa foni. Ndipo munthu sakuwa popanda chimene chamuopsa.

A Wilkins analemba kuti TSITSANI VOLIYUMU nkutumiza. Koma wailesi zoterezi sizimva pamene zikulankhula, ndipo a Mateyu ankangotumiza uthenga wawo mobwerezabwereza, kupuma pang'ono, nkuyambanso. Ulendo wachisanu ndi chimodzi, pakati pa zinyalala zija, panaoneka zilembo zitatu zoyandikana: TOW.

Sellah anamanga Nelia kumsana nathamangira kuchipatala chachikulu, mvula ikumumenya. Mayi amene anamupeza pa tebulo anamumvetsera bwino ndithu. Anati ambulansi imene inalipo yapita cha ku Jenda kukatenga wodwala wina, ndipo ikabwera pali enanso awiri akudikira. Anafunsa kuti mng'ono wakeyo wadwala chiyani, ali pati, galimoto ikamupeze kuti poti mtsinje wadzaza. Sellah anangoima, madzi akudontha pa simenti. Anali ndi zilembo zitatu basi.

“Mukadziwa mubwere msanga, mayi,” anatero mayiyo. “Ine ndili pompano.”

Atabwerera anapeza a Muhsin atatseka shopu yawo, akuyesa manambala onse a anthu a kumudzi kuja amene Sellah anawasunga m'foni. Palibe inalowa. Za mbalame sanatchule tsiku limenelo.

A Wilkins anali atayamba kujambula kulira kulikonse kumene kunkafika. Anati phokoso la mvula limasintha ulendo uliwonse koma uthenga ndi umodzimodzi, ndiye akasanjikiza maulendo ambiri pamodzi, mwina zilembo ziyandama. Kusanjikizako kunkafuna kuti chiyambi cha ulendo uliwonse chigwere pamalo amodzi ndendende, ndipo khutu lawo silinkachipeza chiyambicho. Anamuveka Sellah mahedifoni.

“Kakangoyamba, mugogode pa tebulo.”

Anagogoda. A Wilkins anabwezanso kulirako, iye anagogodanso. Nelia analira, a Muhsin anamutenga nkumayenda naye pakhonde. Mandasi anapserera m'chiwaya mpaka mayi wogulitsa tomato anabwera kudzaphula. Sellah anamvetsera kulira kosasa kuja kambirimbiri, akudziwa kuti mkati mwake muli dzina la mng'ono wake ndi chinthu china chimene sankatha kuchimva. Ankafuna kukuwa m'wailesimo kuti a Mateyu, chonde lankhulani pang'onopang'ono.

A Wilkins anasintha sefa, anaikulitsa, anaichepetsa. Zimene anaumba zaka ziwiri zinali zoti zilandire kulira kosalala, ndipo nsonga zodulidwa sefa singazibwezere. Zilembo zinkabwera chimodzichimodzi, china nkusowanso.

Itangokwana 12 koloko wailesi inaleka kulira. Dzuwa linali litatha masiku anayi osawala, ndipo batire ya sola ya kukachipatala kuja inali itatha ndi kutumiza kosalekeza. Anatsala ndi maulendo makumi awiri ndi atatu amene anajambula.

Cha m'ma 1 koloko uthenga unaima wathunthu, kupatula zilembo zingapo zimene munthu akanatha kuzilowetsa yekha. TOWERA AKUTAYA MAGAZI. TIKUPITA NAYE PA NGOLO KU DOOKO LA KUMTUNDA. TUMIZANI GALIMOTO.

A Wilkins anaukopera pa kapepala, a Muhsin analiza njinga yamoto, Sellah anakwera kumbuyo. Kuchipatala chachikulu, mayi wa pa tebulo uja anawerenga kapepalako kamodzi nkuimirira. Ambulansi, imene inali itabwerako ku Jenda, inanyamuka isanakwane 2 koloko, ndipo ndi matope a msewu wa ku Manyamula inakafika pamtsinje cha m'ma 4. Ngolo inali itaima tsidya linalo kuyambira 10 koloko. Amuna asanu ndi mmodzi anamuwolotsa Towera pa chitseko, madzi akuwafika m'chifuwa.

Towera anachira. Mwana, wamwamuna, anabadwa atafa kale. Sellah sanafunse anamwino ngati maola aja akanasintha kanthu, ndipo iwo sananene.

Patapita milungu iwiri a Mateyu anatulukira mumsika, laputopu ataikulunga m'chitenje. Anakana mpando. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja.

“Ndinaona mvula ija, ndinati sakamva,” anatero. “Ndinati ndikweze pang'ono. Kenaka ndinakwezanso.”

“Cholakwa nchanga, a Mateyu. Kokwezerako ndikanakachotseratu. Khalani pansi, ndikonze lero lomwe, mubwerere nayo.”

A Mateyu anapukusa mutu. Anati sangathenso kukhala pafupi ndi chinthucho. Anati munthu wina akadzadwala adzatuma wa njinga, chifukwa wa njinga akachedwa munthu umadziwa kuti wachedwa ndi matope. Anapatsa moni Sellah osamuyang'ana kumaso, nkumapita.

A Wilkins anakonzabe. Tsopano pulogalamuyo imakana kutumiza voliyumu ikakwera, ndipo ikatumiza kamodzi imayamba yadikira yankho. Msonkhano wa akuluakulu uja sunachitike mpaka lero, ndipo kukachipatala kuja sikunapezeke wina wofuna kuphunzira. Malaputopu onse awiri ali pa tebulo limodzi m'kachipinda ka mumsika, motalikirana ngati chikhatho. Masana makasitomala akachepa, a Wilkins amalemba uthenga pa ina, kamluzu kamalira kosalala bwino, ndipo uthengawo umatuluka pa inzake wopanda chilema.

Towera sanabwererenso kumudzi. Amathandiza mkulu wake kukanda ufa wa mandasi pakhonde. Kamluzu kakayamba amapukuta manja, nkunena kuti akukatunga madzi, ngakhale ndowa zili zodzaza. Sellah amamusiya apite, ndipo a Wilkins akafunsa m'katimo kuti kakulira bwanji, amawayankha kuti kasalala.