Kholingo la Nkhumba la a Titi Zoraida

Ine ndine Neftalí. Mukafika ku Guavate n'kufunsa za mnyamata wotsanzira chilichonse, akulozerani pamalo pathu powotchera nkhumba. Wansembe ndimamutha. Tambala ndimamutha. Jenereta ya aneba ikamatsamwa, nayonso ndimaitha mpaka eni ake amathamanga ndi sipanala. Sukulu yokha ndi imene inandikana. Koma nkhani ya lero si yanga ayi, ndi ya a Titi Zoraida, mng'ono wa mayi anga, munthu amene anandiyikitsa pakamwa chinthu choti galu weniweni anachinunkhiza n'kutembenuka.

A Titi anabadwira mu utsi wa nkhumba. Bambo awo, agogo anga a Don Teyo, akhala akuzunguza nkhumba pamakala kuyambira ali mnyamata. A Titi anathawamo mu utsimo, anakaphunzira zauphunzitsi, digiri n'kuipachika pakhoma. Anaphunzitsa tiana zaka zingapo, kenako sukulu yawo inatsekedwa chifukwa makolo ambiri anasamukira kunja. Basi anabwerera, n'kutenga chikwanje, n'kuyamba kudula nyama ngati sanagwirepo choko. Amadula osamwetulira. Kasitomala akati, "Mundiwonjezereko kachikopa kokazingika bwinoko," iwo amangomuyang'ana mpaka munthu amapepesa yekha.

Ndiye agogo anadwala sitiroko. Dzanja linabwerera pang'ono, mwendo unabwerera pang'ono, koma mawu anapita. Munthu amene ankakuwa mpaka agalu a kutsidya n'kuyankha, anatsala ndi liwu limodzi lokha, "Bwera." Akufuna madzi, "Bwera." Akukuthamangitsa, "Bwera." Kuchipatala anati pali akatswiri othandiza anthu otere kulankhulanso, koma mudikire, ndi ochepa, ambiri anakwera ndege. Tinadikira mpaka a Titi anatopa. Tsiku lina akupukuta chikwanje anangoti, "Ndikhala ineyo katswiriyo."

Tinaseka. Iwo sanaseke.

Anapita kusukulu yaikulu ku San Juan atanyamula digiri yawo ija. Atabwerako ndinawafunsa mmene ayendera, ndipo anandiuza zonse, ine n'kuzisandutsa sewero la makasitomala. Mayi amene anawalandira muofesi ya kumeneko ndimamutha ngakhale sindinamuonepo. Ndimatsitsa magalasi pamphuno n'kunena, "Amayi, digiri yanuyi ndi yabwino kwambiri, koma siyikukwana. Musanalowe maphunziro enieniwo, muyambe mwaphunzira maphunziro olowera maphunzirowo." Anthu amagwa ndi kuseka, koma n'zoona. Kuti ulowe pakhomo, uyambe wakhoza timaphunziro tina ta panja: za mmene mwana amayambira kulankhula, za khutu, za masamu, za mkati mwa khosi. Choipitsitsa, zina zimene a Titi anakhoza kale ali mtsikana anati zinatha ntchito. Eti maphunziro amavunda ngati nyama! Anayambiranso.

Anazikhoza chimodzichimodzi, buku mbali iyi, mphika wa mpunga wa nandolo mbali iyo. Mabuku awo onse ali ndi zidindo za mafuta. Linatsala phunziro limodzi, la mkati mwa khosi, ndipo limeneli amaphunzitsa kamodzi pachaka. Akalephera, adikire chaka, ndipo podikirapo loyamba lija livundanso. Anandiuza okha, pondiitana ndi kadzina kachibwana kamene amanditchula, kuti, "Nene, ndikagwa apa sindidzukanso. Ndidzafera pachikwanje."

Mayeso omaliza aliyense amayenera kuonetsa kutsogolo kwa kalasi mmene mawu amapangikira. Anzawo, tiana tobadwa dzulo, tinapanga zinthu zaukhondo, mapepala, mabuloni, timalamba ta labala. A Titi anati iwo sangasewere ndi buloni ali mwana wa a Don Teyo. Anauza bambo amene amatibweretsera nkhumba Lachinayi lililonse kuti aziwasungira kholingo lathunthu ndi kampope kake.

Anzanga, munalionapo kholingo la nkhumba lili palokha m'mbale? Musadzalione. Ndi chinthu chotuwa, choterera, chokhala ndi kachilime kake, chimakuyang'ana ngati chikukudziwa. A Titi analowetsa paipi kumunsi kwake, n'kumanga ndi ulusi womangira soseji, kenako anandiitana.

"Nene, tabwera. Uzira apa."

"Ndiuzire chiyani?"

"Paipi. Manja anga onse awiri akhala akufinya apa kuti timinofu tiwiri ta mkatimu tikumane. Mpweya ukadutsa, tinjenjemera, mawu atuluka."

"A Titi, ine pakamwa panga ndi pantchito. Atsikana amapayang'ana."

"Atsikana ake ati? Amene amakuitana kuti uwalirire ngati bulu? Uzira."

Ndinatseka maso, ndinauzira. Mayo ine! Chinalira. Nkhumba yoti tinaigulitsa kale theka inati "Bwaaaa!" pathebulo. Ine ndinathawira kuseri kwa nyumba kukalavula. Agogo pampando wawo anaseka mpaka misozi, akumenya ndodo pansi, "Bwera! Bwera!" A Titi maso anali gwa, zala zili pakholingo. Anangoti, "Ndazimva. Zikunjenjemera m'zala mwangamu." Nkhope yawo inali ngati ya munthu amene wamva mwana akusuntha m'mimba. Zonyansa basi.

Kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse linali tsiku langa la masautso. Ndinasiya kudya chiwindi. Ndinkatsuka mkamwa ndi khofi wowawa.

Mayeso anagwa Lolemba. A Titi anasankha kholingo labwino Lachinayi, analiyika m'chitini cha majarini, n'kulisunga m'kafiliji ka kuchipinda kwawo kuti wina asaliphike. Loweruka magetsi anathima monga mwa chizolowezi chawo. Jenereta yathu imangokwanitsa filiji yaikulu ya nyama yogulitsa. Ndipo mukudziwa mmene kumakhalira kwathu kumapeto a sabata, magalimoto kuchokera kumunsi mpaka kumtunda, nyimbo, anthu kuvina ndi mbale m'manja. Chitini cha majarini palibe anachikumbuka.

Lolemba m'mawa a Titi anatsegula chitini chija. Sindikudziwa ndikuuzeni bwanji. Fungo lake linali ndi manja. Linandigwira pakhosi. Galu wathu Capitán, amene amadya ngakhale matewera, anabwera akugwedeza mchira, ananunkhiza, n'kupita kukagona pansi pa galimoto.

"Titaye," ndinatero. "Tikakwirire, tiitane wansembe. Kapena ndikhala ineyo wansembeyo."

"Lina tilipeza kuti? Nkhumba zibwera Lachinayi."

Ndiye anachita zimene mayi aliyense wa kwathu amachita nyama ikayamba kukayikitsa. Anathira viniga. Anafinyiramo malalanje owawasa, n'kuwonjezera kamchere. Anatseka chitini, n'kundipatsa kuti ndifungatire. Ulendo wonse wa ku San Juan ine mutu uli kunja kwa windo ngati galu, chitini pamiyendo chikuti khuvu khuvu.

M'kalasi munali mozizira, mwaukhondo, tiana tonse tili ndi timabuloni tawo. Mphunzitsi wake anali a Pulofesa Lugo, mayi wamng'ono thupi, tsitsi loyera lometa, amalankhula pang'onopang'ono ngati liwu lililonse analichapa n'kulisita. Ndinawatha nthawi yomweyo, koma ndinasunga mumtima.

A Titi atatsegula chitini, a mzere wakutsogolo anasamukira kumbuyo. Mtsikana wina anati, "Yesu wanga!" n'kubisa mphuno mu juzi. Kholingo linali litayera mbee, litauma gwa ngati chidendene. A Titi anafotokoza bwino ndithu, mayina onse ovuta aja akungotuluka ngati akuwerenga mitengo ya nyama. Kenako anandikodola.

Ndinayika milomo papaipi. Viniga, lalanje, ndi imfa. Ndinauzira.

"Fuuu."

Mpweya wokhawokha. A Titi anafinya kwambiri. "Bwerezanso, Nene."

"Fuuu."

Ndinawayang'ana. Thukuta linali likutsika m'khosi mwawo. A Pulofesa anayang'ana pansi n'kuyamba kulemba. Mtima wanga unati, Neftalí, zaka zonsezi anthu akhala akunena kuti luso lako n'lopanda ntchito. Nthawi yake ndi ino.

Ndinakoka mpweya, ndinaliza nkhumba ndi khosi langa, mawu n'kudutsa m'paipi, kukatulukira kukholingo kuja. Abale, sindinalizepo nkhumba yokoma chonchija. Inayamba pansi, "Bwooo," inakwera, "Khwiii," ndipo kumapeto ndinaikako kakudandaula pang'ono, ngati ikukumbuka amake. Kalasi yonse inakuwa. Anaomba m'manja. Wa juzi uja mpaka anaimirira. Ine mumtima ndinati, tadutsa, tiyeni tizipita ndikasanze bwino panja.

A Titi anachotsa manja pakholingo n'kuwapukuta pang'onopang'ono. Anandiyang'ana ndi maso amene amayang'anira nyama ya mphutsi.

"A Pulofesa," anatero, "imene yalirayi si nkhumba yakufayi. Ndi yamoyoyi. M'zala mwangamu simunanjenjemere kanthu."

Ine paipi idakali pakamwa.

"A Titi!" ndinanong'ona. "Mwapenga? Anthu aomba kale m'manja!"

"Khala chete, iwe. Ukuganiza kuti ndidzakayimirira pamaso pa munthu ngati agogo ako, iwe uli kuseri kwa katani ukumulankhulira?"

A Pulofesa anavula magalasi. "Mayi Zoraida, mukanakhala chete mukanatuluka m'kalasi muno osadzabweranso. Ndinamva. Nkhumba yakufa siyikoka mpweya isanalire."

Limenelo ndi bodza, ndikukuuzani. Sanamve kanthu. Ndinawaona ndi maso angawa, nsidze zinakwera ndi kudabwa. Koma anthu ophunzira salola kuti wawapusitsa.

Anayandikira atagwira mphuno, anagwira kholingo ndi nsonga ya cholembera. "Nanga lakaniranji kulira? Yankhani limenelo."

A Titi analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzimenya pachipumi. "Viniga. Ndaliphika ndekha. Timinofu tauma, sitingagwedezeke."

"Mwalithira viniga?"

"Ndi lalanje."

"Ndi kamchere," ndinawonjezera ine.

A Pulofesa anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Atabwerera anati za lero sapereka malikisi, chifukwa chimene chinalonjezedwa sichinaoneke. Koma satseka buku mpaka Lachisanu. A Titi abwere ndi kholingo latsopano, lopanda zokometsera. "Ndipo woyimba wanuyu mumusiye kunyumba," anatero. Anatsegula kabati, natulutsa kapampu kakang'ono kopopa ndi phazi. "Timagwiritsa ntchito aka."

Pampu! Anthu inu, pampu! Ma Lachinayi onse aja ine ndikupsopsona nkhumba zakufa, pomwe pali pampu! Ndinawayang'ana a Titi.

"Munkadziwa?"

"M'bukumo analembamo," anatero akutseka chitini. "Koma pampu n'njogula. Iwe unali pomwepo, ukungowononga mpweya."

Njira yonse yobwerera sitinalankhulane. Iwo ananyansidwa nane chifukwa cha bodza, ine ndinanyansidwa nawo chifukwa chotaya nkhumba yabwino kwambiri imene ndinalizapo. Chitini ndinachiponya m'bini ya pamalo omwetsera mafuta, ndipo ndikupepesa kwa amene anaitsegula.

Lachisanu a Titi anapita okha. Akuti kholingo linangoti "bwaa" kamodzi, kamawu kosakoma, kopanda luso, ngati mbuzi ya chimfine. Palibe anaomba m'manja. Ndi kamawu konyansa kameneko kamene kanawadutsitsa. Chaka chino alowa maphunziro enieni aja, ndipo chikwanje amachigwira Loweruka ndi Lamlungu basi. Kumwetulira sanayambebe.

Masana aliwonse a Titi amakhala ndi agogo pakhonde, kuwagwiritsa zala pakhosi pa a Titiwo kuti amve kunjenjemera, kenako pakhosi pa agogowo. Mawu atsopano sanabwere ambiri. Koma mkuluyo waphunzira chinthu chimodzi chimene a Titi sanamuphunzitse. Ndikamadutsa ndi mbale za makasitomala, amakunga dzanja ngati paipi, amatupitsa masaya, "Fuuu," kenako amapinda nkhope n'kuchita ngati akusanza, "Wooo!" Makasitomala amagwa m'mipando. Amanditha bwinobwino, mpaka mmene ndimagwirira pamimba.

Ndinakadandaula kwa a Titi kuti mkuluyu akundilanda ntchito. Iwo anati zimenezo n'zabwino pa milomo ndi pa mpweya, ndizidutsa pafupipafupi.