Banga la Pamkono Wanga Wojambulira

Banga linayamba kuoneka mu Juni, nyengo imene kuno ku Ngabu kumazizirako ndipo anthu amakhala akugulitsa thonje. Linali pamkono wanga wamanja, chapafupi ndi chigongono, lotumbuluka ngati penti yosuluka ndi dzuwa. Silinkayabwa, silinkapweteka. Ndinaganiza kuti ndi chipere, ndipo ndinalipaka mankhwala a m'golosale milungu itatu, koma silinasinthe. Mu Ogasiti mkazi wanga Esinati anaona lina pamsana panga.

Ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani za magolosale ndi mawu a kumbuyo kwa njinga za kabaza, koma chimene ndimakonda ndi kujambula anthu ndi pensulo. Zaka zingapo zapitazo ndinatsegula bulogu, katsamba kanga pa intaneti, pamene ndimaika zojambulazo ndi mawu pang'ono. Pamenepo ndi pamene ndinadziwirana ndi ojambula ena anayi a m'chigwa muno. Amene ndinkalemberana nawo kwambiri anali a Maria, mphunzitsi wa ku Nsanje, obadwira ku Nyachikadza, amene amajambula mbalame za m'dambo ndi mabwato. Tinali tisanaonanepo maso ndi maso, komabe iwo ankadziwa kuti ine mapazi a munthu amandivuta kujambula, ndipo ankandiseka nazo mosabisa.

Kunena zoona, bangalo linkandichititsa chidwi kuposa mantha. Lamlungu lililonse ndinkalizunguliza ndi bolopeni kuti ndione ngati likukula. Ndinazindikira kuti nsonga ya bolopeni inkandinyerenyetsa kunja kwa mzere, koma ikalowa mkati sindinkamva kanthu. Kutentha kutayamba ndinaonanso china: mkono wonse unkanyowa ndi thukuta, koma pabangapo pankakhala pouma. Ndinkadabwa nazo ngati mwana wopeza kachirombo kachilendo. Ngakhale pamene chala chaching'ono chinayamba kuchita dzanzi, burashi n'kumandipulumuka, ndinkati ndi kutopa.

Mu Okutobala a Maria analemba pa bulogu yawo kuti akusamukira ku Karonga kutsatira amuna awo, ndipo anatiitana tonse kuti tikatsanzikane. Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Nsanje. Zinali zodabwitsa kuona nkhope za anthu amene ndinkangodziwa zojambula zawo. A Maria ndinkawaganizira kuti ndi aatali ndi ofatsa, koma ndinapeza mayi wamfupi wolankhula mothamanga, akusakaniza Chisena ndi Chimang'anja. Tinadya nsomba za makakana pansi pa mtengo wa mango. Titatha kudya, anatulutsa kope nati akufuna kujambula dzanja la aliyense kuti apite nalo.

Itafika nthawi yanga ndinaika dzanja patebulo.

“Achimwene, wongolani chala chaching'onocho,” anatero.

“Ndawongola.”

“Simunawongole.”

Anayang'ana chalacho, kenako banga lija ndi mizere yanga ya bolopeni. Anandiuza kuti nditsinzine.

“Mukamva pensulo munene.”

Ndinadikira ndithu. Kenako ndinafunsa kuti, “Mwayamba kale?”

Nditatsegula maso, nsonga ya pensulo inali itabaya pakati pa bangalo mpaka khungu kulowa mkati. A Maria anamaliza kujambula dzanjalo. Anzathu atayamba kutsanzika, anandiperekeza okha mpaka kumsewu.

“Bambo anga anali ndi mawanga otere,” anatero. “Anachedwa kupita kuchipatala, ndipo pomwalira anali opanda zala zitatu. Ine sindine dokotala, mwina si zomwezo. Koma Lolemba mupite, ndipo mundiuze zimene akakuuzeni.”

Lolemba ndinafika kuchipatala cha boma dzuwa likutuluka, ndipo ndinapeza mabenchi atadzaza kale. Ndinalowa kwa adokotala cha m'ma leveni. Anandivula malaya, nawerenga mawanga. Ine ndinkadziwa awiri, iwo anapeza asanu ndi awiri. Anatenga kathonje, nandiuza kuti nditsinzine ndi kuloza paliponse pamene ndamva kukhudzidwa. Kenako anafinya mtsempha wa kuseri kwa chigongono, ndipo ululu unathamanga mpaka kuchala. Anati mtsemphawo watupa. Ku labu anandicheka pang'ono kunsonga ya khutu ndi m'mbali mwa banga. Ndinafunsa chifukwa chake khutu, ndipo wa ku labuyo anati tizirombo timene akufufuza timakonda malo ozizirirapo a thupi.

Lachinayi ndinabwerera kukamva zotsatira.

“Bambo, ili ndi khate,” adokotala anatero. “Limachizika. Mankhwala ndi aulere, mudzamwa miyezi khumi ndi iwiri osadumphitsa. Mukangoyamba kumwa, simupatsiranso munthu.”

Ndinkayesa kuti khate linatha kale, kuti linatsalira m'maulaliki ndi m'nkhani za makolo. Ndinafunsa ngati zala zidzaduke. Anati matendawa sadula zala okha. Amapha mitsempha, munthu n'kumapsa kapena kudzicheka osamva, mabala n'kumanyeka. Anandiuza kuti ndibweretse onse a m'nyumba mwanga kuti awaone. Esinati ndi ana athu awiri anapita sabata yotsatira, ndipo onse anapezeka opanda banga.

Kamodzi pamwezi ndinkapita kukamwa mankhwala pamaso pa anamwino ndi kutenga ena omwera kunyumba tsiku lililonse. Tsiku loyamba mkodzo unatuluka wofiirira. Anamwino anali atandichenjeza, komabe ndinaima kanthawi ndikuuyang'ana, poti utoto wotero sindinausakanizepo ndi penti. M'miyezi yotsatira khungu langa linada ndi kuuma, mpaka anthu pamsika ankandifunsa ngati ndayamba kuotcha makala.

Mu Januwale zinthu zinavuta. Mawanga onse anatupa, thupi linatentha, ndipo chigongono chinkapweteka moti sindinkatha kugwira supuni. Ndinaganiza kuti mankhwala akundikana ndipo ndinafuna kuwasiya, koma Esinati anandikweza pa kabaza kupita kuchipatala. Anandigoneka masiku asanu. Adokotala anati thupi likulimbana ndi tizirombo takufa, ndipo zimachitika kwa ena. Anandionjezera mankhwala ochepetsa kutupa, nandikoleka mkono pansalu. Milungu isanu ndi umodzi sindinagwire pensulo.

Nthawi yonseyi amene ankadziwa anali Esinati ndi a Maria okha. Bulogu yanga inangokhala zii. Kuchokera ku Karonga a Maria ankanditumizira uthenga Lachisanu lililonse kufunsa ngati ndikumwa mankhwala. Tsiku lina anandilembera kuti, “Dzanja lamanzere lilipo. Jambulani nalo, tione kuipa kwake.” Ndinajambula anamwino akulemba m'kaundula. Chinali chithunzi chokhota, mutu waukulu ngati dzungu. Ndinachiika pa bulogu, ndipo pansi pake ndinalemba dzina la matenda anga. Esinati anali ndi mantha kuti anthu adzatisala, ndipo sanalakwe kwenikweni. Mwini golosale wina anandiuza kuti ndisabwerenso kudzalemba khoma lake, ndipo mmodzi mwa anzathu anayi aja anasiya kundiyankha mpaka lero. Koma awiri amene anatsala m'chigwa muno anakwera minibasi kudzandiona, anadya nane m'mbale imodzi, ndipo anamaliza chikwangwani chimene ndinachisiyira panjira. Mayi wina wa ku Bangula amene sindimudziwa analemba kuti atawerenga, anatenga mlamu wake kupita naye kuchipatala.

Ndinamaliza mankhwala mu Okutobala chaka chotsatira. Tsopano papita miyezi isanu ndi itatu. Mawanga akuzimiririka, khungu likubwerera mwakale, ndipo ndikujambulanso ndi dzanja lamanja. Chala chaching'ono chinatsala chopindika pang'ono, ndipo sichimva kutentha. M'mawa uliwonse ndimaviika manja m'madzi, n'kuwapaka mafuta, n'kuwayang'ana ngati pali bala limene sindinalimve. Kapu ya tiyi ndimainyamula ndi dzanja lamanzere. Ine ndi a Maria sitinaonanenso chichokereni, koma timalemberana sabata iliyonse.

Tsiku londitulutsa m'kaundula ndinafunsa adokotala ngati chalachi chikanapulumuka ndikanabwera mu Juni. Anati mwina chikanapulumuka. Miyezi inayi ndinakhala ndikuliyeza bangalo ndi bolopeni, chipatala chili pafupi. Ngati muli ndi banga lotumbuluka losayabwa, limene simumva mukalitsina, kapena dzanzi losatha m'zala, musadikire kuti muone mathero ake. Pitani sabata yomweyo akakuoneni, zala zikumvabe.