Masokosi M'manja mwa Amayi

Linali Loweruka. Amayi ankaluka tsitsi mayi wina wa ku Mangochi pakhonde la nyumba yomwe tinkachita lendi ku Bertrams, ku Joni. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi.

Phokoso linayambira kumsewu waukulu. Tinamva magalasi akusweka, kenako nyimbo ya chikhamu chothamangitsa alendo. Mayi uja anathawa atalukidwa mbali imodzi.

Abambo anatikankhira kumpanda wakuseri. "Dumphani, ndikupezani kupolisi," anatero. Iwo anabwerera m'nyumba kukatenga mapasipoti.

Tinathamanga m'tinjira. Shopu ya munthu wa ku Somalia inkayaka, shuga atamwazika pamsewu. Nsapato imodzi ya amayi inatsalira m'ngalande.

Kuchoka kupolisi anatisamutsira m'holo ya tchalitchi. Abambo sanabwere. Amayi ankaima pageti kuyambira m'mawa.

Kuyabwa kunawayambira amayi m'zala. Kunakwera m'mikono mpaka m'khosi. Khungu linauma, linang'aluka, linayamba kuchucha madzi. Ankakanda mpaka magazi, maso ali kumsewu.

Anthu m'holomo anati ndi mphere. Ena anati khate. Anasuntha mabulangete awo. Mayi wina, Mmalawi mnzathu, anataya kapu yomwe amayi anamwera.

Nesi anabwera n'kuwagwira manja. Anati matendawa si opatsirana. Anati nkhawa ndiyo imadzutsa kuyabwa, kuyabwa kumalanda tulo, kusagona n'kukulitsa nkhawa. Anawapatsa mafuta odzola m'kabotolo. Za abambo analibe mankhwala.

Amayi anasiya kuima pageti. Anavala masokosi m'manja, n'kumangogona choyang'ana kukhoma. Ndikawaitana, ankandiyang'ana ngati mwana wa eni. Tsiku lina ndinafuna kuwafunditsa. "Usandikhudze, Tadala. Ndaola," anatero. Mawu awo ena sindinawamvenso ku Joni konse.

Basi yotibweza kumudzi inadzera ku Zimbabwe ndi ku Tete. Palibe anafuna kukhala pafupi nafe. Titafika pa Mwanza anthu anayamba nyimbo yothokoza Mulungu, ena akulira. Amayi anabisa manja m'chitenje.

Tili ku Balaka tsopano. Abambo sitinawaonenso, ngakhale manda awo. Amayi alipo. Zilonda zimapola ndithu, koma anyamata akakuwa kubwalo la mpira, pofika mawa lake khungu latsegukanso. Kutchalitchi anasiya, kumsika sapita. Wowadzoza mafuta ndine. Amatambasula mkono, nkhope atatembenuzira kumbali.