Chitseko cha Nyumba Yanga

Ndinaganiza zopita ku Bulawayo tsiku lomwe tinakasiya mwana wanga Esnati kuchipatala cha mishoni, mwendo utatupa ngati mtondo. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Dokotala anati fupa lawola mkati, agonekedwa nthawi yaitali, ndipo chakudya tizidzionera tokha. Ine ndinalibe ngakhale ya msonkho. Asibweni, mlongo wa mayi anga, ndiwo anandilimbitsa mtima. Anati ndipite, iwo ndi abale ena azikapereka ufa wa kondowole kwa mkazi wanga NyaChirwa, amene ankadikirira mwanayo, pajatu mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mwambi umenewu ndimanyansidwa nawo mpaka lero.

Ku Bulawayo ndinkaphika m'nyumba ya mzungu, n'kumagona m'kachipinda kakuseri komwe ngakhale nkhuku ikanadandaula. Nyama yomwe ana a bwana asiya ndinkapatsa galu, mtima uli pa mwana wanga. Ndinasungulumwa koopsa, sindibisa. Aliyense wobwerera kwathu ku Chintheche ndinkamupatsira kanthu: bulangeti, sopo, shuga, tindalama. Zonse zinkafikira kwa asibweni, chifukwa kwathu katundu wa ku ulendo salumpha akuluakulu n'kupita kwa mkazi. Uthenga wochokera kumudzi sunkasintha: mwana ali choncho, tumiza zina. Ine wopusa ndinkatumizadi.

Chaka chitatha mtima unakana, ndinabwerera. Abale kumudzi anandilandira ndi nthungululu, n'kundikhazika pamphasa, maso onse ali pa sutikesi. Mwambo ndi woti wobwera ku ulendo ayambe wagawira abale asanapite kwina kulikonse. Azakhali ena anandipatsa moni atafunda bulangeti lomwe ndinagulira Esnati, osachita nalo ngakhale manyazi.

Kenako ndinaona nyumba yanga ili yasa, yopanda chitseko, mbuzi zikulowa ndi kutuluka. Chinali chitseko cha matabwa a mlombwa, chokhacho m'mudzi monse. Nditafunsa, asibweni anandikokera pambali.

"Tinaopa manyazi, mphwanga. Mwana wa munthu wa ku Bulawayo angaikidwe m'mphasa?"

Ndinafunsa ngati mwana wamwalira. Anati ayi, akadalipo, koma wanzeru amakonzekeratu. Anandionetsa kabokosi kuseri kwa khitchini, kokhomedwa bwino zedi ndi matabwa a chitseko changa. Poyembekezera maliro ankasungiramo usipa wouma. Ndinasiya sutikesi ili chitsekere, n'kuuyamba ulendo wa kuchipatala.

NyaChirwa ndinamupeza akusinja chinangwa cha odikirira anzake kuti amugawireko ufa. Anali ataonda, mafupa okhaokha. Chaka chonse sanalandire ngakhale kambale ka ufa kochokera kumudzi, ndipo munda wake wa chinangwa abale anali atakumba kale. Sanalire. Anangondilozera bedi.

Esnati anali khale, ndodo zoyendera zili pambali, mwendo utaphwa. Dokotala anati utsala waufupi koma ayenda. Apa m'pamene ndinadziwa kuti kwathu timaopa manyazi a pamaliro kuposa njala ya wamoyo. Mkwiyo unandigwira, ndinayamba kutukwana abale anga mmodzimmodzi, kuti chaka chathunthu palibe ndi mmodzi yemwe amene anaponda pano.

Mwanayo anandigwira malaya.

"Ada, musawanene. Asibweni anabwera kamodzi. Anandigoneka chagada, n'kundiyeza ndi bango kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ankati aone mmene ndakulira."

NyaChirwa anayang'ana kukhoma. Esnati ankandiyang'anabe, akumwetulira.

"Ndakula, eti Ada?"

Ndinamuuza kuti wakula kwambiri, bango lija lamuchepera kale.