Chinsinsi cha Zubairu ndi Njinga Yosamwa Petulo

Tsiku limene apolisi anamulanda njinga pafupi ndi mlatho wa ku Liwonde, Zubairu anabwerera kwawo wapansi, chipewa chili m'manja.

Anali mwana wamasiye amene anapalasa kabaza zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka anagula njinga yamagetsi, yamphamvu, yoyenda mwakachetechete ngati mphaka. Iye ankati poti ili ndi mapedulo ndipo simwa petulo, ndi yakapalasa basi. Akaona apolisi ankangozunguza miyendo monamizira.

Wapolisi wa tsikulo anaseka. "Achimwene, mukupalasa ngati nkhalamba koma mwapitirira minibasi! Mphamvu imeneyi ndi ya njinga yamoto. Mukapeze laisensi, mudzaitenge."

Apa ndiye panagona chinsinsi. Zubairu sankadziwa kuwerenga. Ankabisira aliyense, ngakhale Ramla, mtsikana wogulitsa zitumbuwa padepoti amene ankafuna kumukwatira. Ramla akamulembera uthenga, iye ankangoimba foni, ati kulemba n'kuchedwa.

Amalume ake a Ramla, a Bilali a ku Utale, anatumiza mawu: "Munthu wolandidwa njinga adzamudyetsa chiyani mwana wathu?"

Atamuzemba Ramla sabata yathunthu, Zubairu anakaima pafupi ndi chiwaya chake, maso ali pansi.

"Ramla, mayeso a laisensi sindingawathe. Ine zilembo, iyayi."

Ramla sanasiye kutembenuza zitumbuwa. "Ndinadziwa kalekale, Che Zubairu. Kalata yanga yoyamba ija munaigwira mozondotsa."

"Ndiye osanena?"

"Ndimadikira munene nokha."

Kuyambira pamenepo, masana aliwonse makasitomala akachepa, Ramla ankalemba zilembo ndi khala pa katoni, n'kujambulanso zikwangwani za pamsewu. Zubairu anabwereka njinga yakutha n'kubwerera kopalasa. Anzake ankamukuwiza: "Belu lalira, thamanga kusukulu ya mkaka, madamu angakukwapule!"

Mayeso oyamba analephera. Achiwirinso. Katoni inang'ambika, Ramla anapeza ina.

Chaka chisanathe, Zubairu analowa kupolisi atanyamula zipewa ziwiri zodzitetezera. Wapolisi uja anayang'ana laisensi, n'kuyang'ana mwini wake.

"Dzinali ndi lanu?"

"Ndi langa, bwana. Bweretsani ndikuwerengereni."

Anawerenga mokweza, liwu ndi liwu, mpaka tsiku lothera ntchito.

Njingayo ataiika nambala, woyamba kukwera anali Ramla, chipewa pamwamba pa mpango, ulendo wa ku Utale. A Bilali anaizungulira kawiri, kenako anayala mkeka kuti akambe za tsiku la ukwati.

Lero Zubairu akaona apolisi sazunguzanso miyendo. Amaima yekha, asanamukwezere dzanja.

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi kanthu kanu kamene mumabisa ngakhale kwa wokondedwa wanu. Kaululeni, mukhale pansi muphunzire. Akakusekani, asiyeni aseke. Mukalephera kawiri, bwererani kachitatu, osagwa mphwayi. Katoni ikang'ambika, funani ina.